Chipewa Chofiira cha a Chikwapu

Kuntchito palibe amene ankamutchula Chikwapu. Kumeneko dzina lake linali "iwe". "Iwe, mapepala atha m'makinamu." "Iwe, kasitomala wayima kalekale apa." Ankagwira ntchito yojambula mapepala a anthu pa makina a fotokope, m'kashopu kothina kamene kanapanikizika pakati pa malo ometera tsitsi ndi sitolo ya nsapato, ndipo bwana wake, mayi wa mawu obaya m'khutu, ankamutumanso kukagula mkaka wa tiyi. Bambo wa ndevu zake zonse, kumathamangira mkaka! Koma ikangokwana nthawi ya nkhomaliro, bwana n'kutuluka, mkulu ameneyu ankasolola laputopu yake yong'aluka pakona, n'kutseka makutu ndi mahedifoni, msana uja n'kuwongoka nthawi yomweyo. Wafika kwawo tsopano. Kumeneko anali a Chikwapu, mlenje wa maloboti, ndipo ukaiwala kumulemekeza ankakukumbutsa.

Masewerawo ndi aja a pa intaneti olowamo anthu miyandamiyanda nthawi imodzi, aliyense ndi kamunthu kake. Kamunthuko umakagwiritsa ntchito: kadule mitengo, kakumbe miyala, kamenyane ndi zilombo, kenako kamakwera udindo n'kuvala zokongola. Tsono pali anthu ena opanda nthawi, ena aulesi chabe, amene amaika pulogalamu yoti izisewera yokha iwo ali kwina. Imeneyo ndiye loboti. Eni masewera amadana nayo kwabasi. Akakugwira amatseka akaunti, kamunthu kako n'kufafanizidwa, ndipo kulira kwako sakumva. Koma eni akewo alibe maso okwanira, choncho amadalira osewera ena kuti aziwanong'oneza. Apa ndi pamene Chikwapu anapezera ufumu.

Alenjewo anali ndi gulu lawo komanso mwambo wawo. Usananenere munthu, uyenera kuima patsogolo pa kamunthu kake n'kupereka moni katatu, anzako akuonerera. Kakangokhala duu, kapena kakamabwereza mawu amodzimodzi, ndiye kuti mulibe munthu mmenemo, dina batani lokanenera kwa eni masewera. Amene wagwira maloboti ambiri eni masewera ankamupatsa chipewa chofiira, choti aliyense akachiona adziwe kuti apa pakudutsa mlonda. Chipewa chojambula, abale, chosatchinga dzuwa kapena mvula! Koma Chikwapu ankachilota ali maso. Anali atatsala pang'ono kuchipeza, ndipo anali atalengeza kale kwa aliyense wokhala ndi makutu: ometa tsitsi aja, wogulitsa nsapato, ngakhale mlamu wake amene. Wometa wina anamufunsapo ngati chipewacho chimabwera ndi malipiro. Chikwapu anamuyang'ana ngati wafunsa zamwano, ndipo anatha sabata osamupatsa moni.

Mlamu wakeyo ndiye anali vuto.

Mkulu wake wa Chikwapu anali dalaivala wa magalimoto akuluakulu onyamula katundu, munthu wanthabwala, woti akaseka mbale zimalira pa shelefu. Iyenso ankasewera, koma munthu wokhalira pamsewu nthawi aitenga kuti? Ndiye anaika loboti pa kompyuta yakale ya pabalaza pake. Kamunthu kake, dzina lake Kankhwangwa, kankadula mitengo m'nkhalango ina ya kumapeto kwa mapu osapuma, mwini wake ali kutali pa chiwongolero. Magetsi akazima n'kuyakanso, kompyuta inkadzuka yokha, Kankhwangwa n'kutolanso nkhwangwa yake. Ndipo pofuna kupusitsa alenje, dalaivalayo anaika mawu angapo oyankhira moni. "Eee, mitengo ya lero ndi yolimba." "Pepani, m'manja muli chakudya." Ndi ena amene mwini wake ankawakonda kuposa onse: "Dikirani pang'ono, akazi anga akundiitana."

Chikwapu ankadziwa zonsezi. Ankangoilambalala nkhalango imeneyo ngati mmene munthu amalambalalira pakhomo pa galu woluma, ndipo moni sanakaperekeko n'kamodzi komwe.

Kenako dalaivala uja anadwala masiku ochepa n'kumwalira. Anthu analira, anabalalika, mipando yobwereka inabwezedwa. Mkazi wake, telala wosokera pakhomo, atatsala yekha m'nyumbamo anamva kaphokoso kochokera pakona ya pabalaza: kho, kho, kho. Kankhwangwa sanamve za maliro. Anali pantchito.

Mayiyo anakokera makina ake osokera pafupi ndi kompyutayo, ndipo sanaizimitsenso. Munthu amene kale ankati masewerawa ndi mkazi mnzake anadziphunzitsa yekha kulowamo pa foni, n'kupanga kamunthu kake kovala nsanza za oyamba kumene. M'mawa uliwonse asanaponde makina ankapita kunkhalango kuja n'kupereka moni, kubwerezabwereza mpaka atuluke mawu aja: "Dikirani pang'ono, akazi anga akundiitana." Akawaona ankati, "Bodza, sindinakuitaneni," n'kuseka, nthawi zina n'kupukuta m'maso ndi kansalu kotsala, kenako n'kuyamba kusoka. Pa zonse zimene mwamuna wake anasiya, ichi chokha ndicho chinkayendabe ndi kuyankha.

Tsono m'gulu la alenje munali wina wotchedwa Kadzidzi, amene nayenso ankafuna chipewa chomwecho. Nkhope yake palibe anaionapo. Ankangodziwika ndi mawu a m'mphuno komanso chizolowezi chotafuna zinthu pa maikolofoni. Tsiku lina masana, gulu lonse likumvetsera, Kadzidzi anatafuna, n'kumeza, n'kufunsa.

"A Chikwapu, nkhalango ya kumapeto ija muli nayo pangano lanji?"

"Pangano la chiyani?"

"Mapu onse mwasesa, koma kumene kuja simupondako. Kuli kena kake kodula mitengo kosagona. Ndakayang'ana sabata yonse. Mawu ake ndi omwewomwewo, ndipo akazi ake amangokaitana osatopa. Banja lokoma bwanji!"

Gulu linaseka.

"Ndikanakanenera ndekha," anapitiriza Kadzidzi, "koma ndaona kuti inu ndi iko munalembetsana ubwenzi kalekale. Ndiye ndati iyayi, mwina ndi ka kwawo kwa a Chikwapu. Mwinatu mlenje wathuyu amaweta."

"Amaweta!" wina anakuwa, ndipo mawuwo anayaka ngati moto wa pa udzu wouma. Aliyense ankafuna kuwanenako.

Makutu a Chikwapu anatentha. Akanatha kunena chilungamo pomwepo: abale, ndi ka malemu achimwene anga, kasiyeni, sikalanda kanthu kwa munthu. Alenje ndi anthu, ena mwa iwo anaikapo abale awo m'manda. Koma a Chikwapu, amene ankalalikira kuti loboti ndi loboti ngakhale itakhala ya mayi ako okubala, avomere kuti ankabisa ya kwawo? Ha! Anakweza mawu. "Lolemba nthawi ngati ino mubwere nonse. Mudzaona ngati ndimaweta."

Atavula mahedifoni anapeza kasitomala akumuyang'ana, ndipo pepala la munthuyo analijambula chadodolido.

Lamlungu masana anapita kwa mlamu wake, akukonza mawu njira yonse. Anamupeza pa makina, mapini ali kukamwa, akupinda yunifolomu ya mwana wa sukulu. Pabalazapo panali pothina ndi zovala za anthu zopachikidwa pa chingwe. Jekete yobiriwira ya malemu inali ikadali pa msomali wake kuseri kwa chitseko, ndipo pakona, pa tebulo loyalidwa nsalu ya maluwa, Kankhwangwa anali kalikiliki. Kho, kho, kho.

"Alamu! Lero mwasochera?" anatero mayiyo akulavulira mapini m'dzanja. "Khalani apo, chotsani masiketiwo. Mwaondatu. Chipewa chanu chija chinabwera?"

"Chatsala pang'ono."

"Chofiira eti? Chopatsidwa mukagwira akuba aja."

"Ee, chomwecho." Anakhosomola. "Alamu, ndabwera ndi nkhani ya kompyutayi. Ikufunika kupuma. Makina akamayaka osazima amapsa."

"Apse. Tidzaona akadzapsa."

"Komanso magetsi..."

"Amalipira ndinu?"

Chikwapu anasintha njira. Anayamba kufotokoza za malamulo a masewera, ndi mawu aja a mu ofesi amene ankawasungira anthu osadziwa: kuti loboti imapha chilungamo, kuti ena amatuluka thukuta ndi zala zawo pamene ena akukolola ali mtulo, kuti nkhalango ndi ya osewera onse. Mayiyo anamusiya alankhule, akudula ulusi ndi mano.

"Nkhalango yake iti?" anafunsa atamaliza. "Yojambulayi? Ikatha mudzangojambula ina. Si inu a fotokope?"

"Si nkhani yoseka, alamu. Akhoza kutseka akaunti. Koma tikazimitsa loboti yokhayo, kamunthuko katsala. Muzikaona tsiku lililonse."

"Katangoima?"

"Ee, katangoima bwinobwino."

Mayiyo anaika sizasi pansi. "Ongokhala duu ndinawaona kale, alamu, m'bokosi. Ndinawapatsa moni, sanayankhe. Awa amayankha." Anayang'ana pa sikirini, nkhope n'kufewa. "Zaka zonse zija ndinkawakalipira chifukwa cha chinthu chimenechi. Akabwera ku ulendo, m'malo mokhala ndi ine, ali apa. Ndiye taonani bodza limene anandisiyira, akuti ndikuwaitana. Dziko lonse likudziwa kuti ndine mkazi wovuta." Anaseka. "Nanga angatseke ndani? Kunkhalango kuja sikufika munthu. Komanso tili ndi inu. Mlenje wamkulu ali pa banja pathu pomwe, ndiope chiyani?"

Apa ndiye panali pomuuza. Pakamwa panatseguka ndithu, koma zimene zinatuluka ndi zakuti, "Tiyi alipo?" Anamwa, anawonjezera, anatsanzika, ndipo panjira anadziuza kuti wayesetsa. Wayesetsa chiyani, kumwa tiyi?

Lolemba bwana atangotuluka, Chikwapu anakhoma chitseko cha shopu, chinthu chimene sankaloledwa, n'kulowa m'masewera. Gulu linali litadzaza, aliyense akuonera sikirini ya Chikwapu ali kwawo. Kadzidzi ankatafuna. Chikwapu anayendetsa kamunthu kake ka zovala zachitsulo zonyezimira, kudutsa mlatho, kudutsa migodi, mpaka kunkhalango imene anailambalala zaka zonsezi. Anamupeza Kankhwangwa ali pa mtengo wake, atavala malaya obiriwira ngati jekete ija ya kuseri kwa chitseko.

Mumtima anali atakonza kale. Apereka moni, chinthucho chinena za mitengo yolimba, aperekanso, chinena za chakudya, basi, batani. Mlamu sadziwa kuti wanenera ndani, poti eni masewera saulula. Analemba moni wa alenje, uja wouma ngati wa pa windo la ofesi.

"Moni, wosewera. Kodi mulipo?"

Nkhwangwa inaima. Kankhwangwa anatembenuka, ndipo pamwamba pa mutu wake panatuluka mawu amene munthu aliyense anali asanawaonepo.

"Aaa, bwana mlenje afika! Ndine mkulu wako iwe, tsitsa mfuti."

Kutafuna kuja kunaleka. Chikwapu anawerenganso mawuwo. Dalaivala uja, ndi nthabwala zake, anali atakonzeratu mayankho apadera oti adzatuluke tsiku limene dzina la mng'ono wake lidzapereke moni. Mayankhowo anakhala akudikira nthawi yonseyi, matenda n'kudutsa, maliro n'kudutsa.

"Kayankhatu ngati munthu aka," anatero wina m'gulumo motsitsa mawu.

Mwaliona khomo limenelo? Linatseguka lokha. Mwambo unkati kamunthu kakayankha zomveka, mlenje achoke. Akanangoti, abale, mwaona nokha, muli munthu umu, n'kutembenuka. Koma Kadzidzi anaseka m'mphuno. "Mkulu wake! Ndinanena ine. Pitirizani a Chikwapu, moni ndi katatu."

Chikwapu analembanso. "Moni, wosewera. Kodi mulipo?"

"Iwe, ndinkakupukuta mamina ine. Lero wakula, ukufuna kukandinenera?"

Gulu linaphulika. Wina anachita kutsamwa. "Mamina! A Chikwapu a mamina!" Ndipo ichi ndicho chinamupweteka munthuyu. M'bale wake wakufa akumulankhula masana dzuwa likuswa mtengo, iye osamva kanthu, koma kusekedwa ndi anthu amene sanawaonepo ndi nkhope zomwe ndiko kunamulasa mtima. Analemba kachitatu mwaukali, mpaka batani lina la laputopu linadumpha.

"Moni, wosewera. Kodi mulipo?"

Kankhwangwa anakhala kaye chete, monga ankachitira mwini wake akafuna kuti nthabwala ipse.

"Chabwino, kandinenere, ntchito ndi ntchito. Koma Loweruka ubwere kunyumba, mlamu wako aphika nkhuku."

Nkhwangwa inayambiranso. Kho, kho, kho. Ulendo uno palibe anaseka. Ngakhale Kadzidzi amene anati, "Aaa, mwina tingo..." koma sanamalize, chifukwa Chikwapu anali atadina kale. Amati chibale ndi fupa, sichiola. Zoona, koma agalu nawonso alipo.

Foni inalira asanatsegule n'chitseko chomwe. Anali mlamu wake, mawu akuthamanga ngati a kamtsikana.

"Alamu! Alamu, ndaona! Ndinali pa makina, ndangomva nkhwangwa yasiya, kuyang'ana pa kompyuta, ndinu! Ndimadziwa ine kuti tsiku lina mudzapita kukawaona achimwene anu. Mwaona zimene anena? Zatsopano, alamu! Miyezi yonseyi ndimangomva za mitengo yolimba, lero alankhula zatsopano!" Ankalira ndi kuseka nthawi imodzi. "Mwina zilipo zina zimene anakusungirani. Loweruka mubwere ndi laputopu yanuyo, mudzawapatse moni ine ndili pomwepo. Nkhuku ndiphika. Anena okha."

"Chabwino, alamu," anatero Chikwapu.

Tsono iye ankadziwa chimene mayiyo sankachidziwa: eni masewera amasonkhanitsa milandu ya sabata yonse n'kutseka maakaunti Loweruka masana. Anayesa kufufuza ngati mlandu ukaperekedwa umabwezedwa. Subwezedwa. Iye mwini ankaliyamikira lamulo limeneli m'gulu, akuti limathandiza kuti alenje a mitima ya phala asamasinthe maganizo. Sabata imeneyo anzake anasiya kumunena za kuweta, koma anasiyanso kumuseketsa, ndipo akalowa iye nkhani zinkazilala. Iye anati ndi nsanje.

Anaganiza zolawira Lowerukalo, akapereke moni uja m'mawa, mlamu amve zimene zatsalazo, zinazo zidzaoneka. Koma bwana anamugwira ndi mulu wa mapepala a mayeso, ndipo atamaliza anamutuma mkaka. Anafika kwa mlamu wake dzuwa lili pamutu, malaya atanyowa kumsana.

Pabalaza panali posesedwa, zovala za anthu zitapindidwa, makina osokera atavundikiridwa. Mayiyo anali atavala diresi imene ankavala polandira mwamuna wake ku ulendo, ndipo patsogolo pa kompyuta anali ataikapo mipando iwiri yogundana.

"Tiyambe moni uja, alamu," anatero Chikwapu akusolola laputopu.

"Ayi, ayi. Anati mubwere mudzadye. Tiyambe zimene anena eni nyumba. Akuthawira kuti? Ali pompa." Anamuthirira madzi m'manja.

Mawu ochepa chabe akanakwana: alamu, nthawi yatha, tifulumire. Koma akanafunsidwa kuti yatha bwanji, nanga iye wadziwa bwanji. Choncho a Chikwapu, mlenje wosaopa kanthu, anakhala pansi n'kulandira ntchafu ya nkhuku. Anadya khutu lili kukona. Kho, kho, kho. Mayiyo ankasimba za ulendo wina umene malemu anamugulira nsapato zonse za phazi lamanzere n'kumakana kuti vuto ndi mapazi ake, akuseka, akumuwonjezera msuzi. Kho, kho, kho. Nkhukuyo inali yokoma, ndipo chochititsa manyazi n'chakuti Chikwapu anaimva kukoma.

Kho.

Mayiyo anasiya nkhani pakati. Anadikira, supuni ili m'mwamba. M'nyumba monse munali zii, kupatula firiji imene inkang'ung'udza kukhitchini.

"Magetsi alipo," anadziuza yekha. Anadzuka akupukuta manja pa diresi yabwino ija, n'kupita pakona. Nkhalango kunalibe. Pa sikirini panali bokosi lotuwa ndi mawu ochepa, onena kuti akaunti iyi yatsekedwa mpaka kalekale chifukwa chogwiritsa ntchito loboti. Anawerenga milomo ikuyenda. Anadina apa, anadina apo, anatenga foni yake n'kuthamangitsa kamunthu kake ka nsanza mpaka kunkhalango. Mitengo inalipo yonse, yosadulidwa.

"Alamu," anatero, mawu atachepa, "tatsegulani yanuyo. Inu amakudziwani. Auzeni kuti alakwitsa, auzeni kuti mwini wake anamwalira, sabera munthu. Tsegulani, chonde."

Akanangoti batire yatha. Kabodza kameneka kakanamupulumutsa, koma mutu unali utauma, ndipo manja anachita zimene anazolowera. Laputopu inayaka. Masewera anatseguka ndi malipenga, nyenyezi zikuthetheka pa sikirini yonse, ndipo pakati pake panaima kamunthu ka zovala zachitsulo, kakuzungulira pang'onopang'ono kuti aliyense akaone bwino. Pamutu pake panali chipewa chofiira. M'munsi mwake eni masewera analemba mawu othokoza mlonda watsopano chifukwa cha loboti imene wathandiza kuchotsa lero.

Mayiyo anachiyang'ana chipewacho nthawi yaitali. Kenako anayang'ana bokosi lotuwa lija, n'kubwereranso ku chipewa. Telala sachedwa kuona pamene nsalu ziwiri zalumikizana.

"Chabwera," anatero.

"Alamu, ndifotokoze. Akanakanenera ena ndithu, mnzathu wina anali atakaona kale, ine ndinangoti... Komanso mawu aja sanatayike. Ali m'kompyutamu onse, ngakhale amene sitinawamve. Ndikhoza kuwatulutsa. Ndikakusindikizirani kuntchito pa pepala labwino, lolimba lija, ndikamata ndi pulasitiki kuti asanyowe."

Pulasitiki, abale! Munthu wamuika m'bale wake m'manda kachiwiri, ndipo akulonjeza pulasitiki.

Mayiyo sanakuwe. Anazimitsa kompyuta ija ndi chala chake, koyamba chimwalirire mwamuna wake, n'kuivundikira ndi nsalu ya maluwa. Anatenga mpando umodzi pa iwiri ija n'kuubwezera kukhoma. Chikwapu anaimirira akufunafuna chikwama, koma mayiyo analoza mbale yake, mmene munali ntchafu yodyedwa theka.

"Khalani pansi mumalize," anatero. "Anakuitanani ndi achimwene anu. Ine sindinakuitaneni."

Analowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Chikwapu anakhala pansi. Pa tebulo kamunthu kaja kankazungulirabe ndi chipewa chake, ndipo nkhuku inali itazizira.